Kuzindikira miyala ya pakhomo ndi kumanga nayo munda wa miyala

Aliyense amene anakumbapo maziko a nyumba ku Zomba, ku Dedza kapena m'mapiri ozungulira mzinda wa Blantyre amaudziwa mulu umene umatsala amisiri akachoka. Pamakhala miyala yaikulu ndi yaing'ono, ina yotuwa, ina yofiirira, ndipo mwini malo amayamba kuiona ngati chipsinjo, n'kumafunsa mtengo wa galimoto yoti ikataye kutali. Komatu miyala imeneyi ingasanduke mbali yokongola kwambiri ya pakhomo, ndiponso mbali yosalira madzi ambiri m'chilimwe, ngati munthu aimanga bwino n'kudzalamo zomera zokonda m'mapiri. Munda woterewu, umene pa Chingerezi amautcha rockery, ine ndiutcha munda wa miyala.

Chimene ndachiona pa ntchito imeneyi n'chakuti munda wa miyala umakoma pokhapokha miyalayo ikamaoneka ngati inabadwira pomwepo. Kuti zimenezi zitheke, woumangayo ayenera kudziwa kaye mtundu wa miyala imene ali nayo, chifukwa mtundu wa mwala ndi umene umanena mmene mwalawo ugonere pansi, zaka zimene upirire mvula, ndiponso zomera zimene zingakondwe pambali pake. Ndiyamba tsono ndi kuzindikira miyala, ndipo ndikhalitsapo, pakuti ambiri amathamangira kumanga asanadziwe chimene anyamula m'manja.

Kuona mkati mwa mwala

Kunja kwa mwala kumanamiza. Mwala umene wakhala m'dothi la katondo kwa zaka zambiri umaoneka wofiira ngakhale mkati mwake muli motuwa, ndipo umene wakhala pamthunzi umakutidwa ndi ndere mpaka mtundu wake osadziwika. Choncho patulani miyalayo m'magulu malinga ndi mmene ikuonekera, mutenge umodzi pa gulu lililonse, muutsuke ndi madzi ndi bulashi yolimba, kenako mubenthule kachidutswa ndi hamala kuti muone pamene mphepo ndi mvula sizinafikepo. Pobenthula tetezani maso ndi magalasi, kapena phimbani mwalawo ndi chiguduli, popeza tizidutswa ta mwala wolimba timauluka ngati mpaliro ndipo tingaboole diso. Ana asaime pafupi.

Pobenthukapo nyowetsani ndi madzi pang'ono, muyang'ane padzuwa. Funso loyamba n'lakuti, kodi mukuona timadontho tonyezimira tolowerana, kapena mukuona timchenga tomatikizana, kapena simukuona kanthu koma thupi limodzi losalala? Funso lachiwiri n'lakuti, kodi timadonthoto tamwazikana mwachisawawa ngati mchere wosakaniza ndi tsabola, kapena tandandalikana m'mizere? Mayankho a mafunso awiriwa amakufikitsani pafupi kwambiri ndi dzina la mwalawo musanayese china chilichonse.

Kenako yesani kulimba kwake. M'chaka cha 1812 katswiri wa ku Germany, Friedrich Mohs, anakonza muyeso wa kulimba kwa miyala woyambira pa 1 kulekeza pa 10, umene ukugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo pa 10 anaikapo dayamondi. Ubwino wa muyesowu ngwakuti zida zake zili m'nyumba iliyonse. Chikhadabo cha munthu chili pafupifupi pa 2.5, mpeni wamba ndi galasi la botolo zili pafupifupi pa 5.5, pamene nsangalabwi yoyera ija, imene akatswiri amaitcha quartz, ili pa 7. Mwala umene mungaukande ndi chikhadabo ngwofewa kwambiri ndipo sungapirire panja. Umene chikhadabo chikuulephera koma mpeni ukuulemba mzere mosavuta nthawi zambiri umakhala wa laimu. Umene mpeni ukuterereka pamwamba pake, koma iwo n'kukanda botolo, uli ndi quartz kapena zina zolimba ngati iyo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi pano: mpeni ukakhula mwala wolimba umasiya kamzere kotuwa kachitsulo, ndipo munthu angaganize kuti waukanda. Pukutani ndi chala chonyowa. Mzere ukachoka, ndiye kuti ndi mpeni umene waperepeseka, mwala uli bwinobwino.

Kuyesa kwachitatu n'kwa viniga, ndipo sindikufuna kuti aliyense akudumphe. Donthezani viniga woyera wa kukhitchini pamalo pobenthukapo, kapena madzi a mandimu ngati viniga palibe, kenako muyandikize khutu ndi diso. Mwala wa laimu umatulutsa tithovu ting'onoting'ono ndipo umamveka kuthetheka. Pali miyala ina ya laimu imene imachita ulesi, makamaka ya mtundu wa dolomite, ndipo imeneyi muyenera kuipala kaye ndi mpeni kuti patuluke ufa, n'kudontheza viniga pa ufawo. Chifukwa choyesera zimenezi n'chakuti laimu amasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula n'kuchepetsa asidi wa m'dothi lozungulira. Zomera zambiri zopirira ludzu sizidandaula nazo, koma zimene zimakonda dothi la asidi, monga maluwa a azalea, zimayamba kuchita chikasu m'masamba, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira.

Pomaliza gogodani mwala uliwonse waukulu ndi hamala, mumvetsere. Mwala wamoyo umalira bwino, umati ngwee, ndipo hamala imadumpha. Mwala wovunda kapena wokhala ndi mng'alu wobisika umalira mogontha ngati mwamenya dothi louma. Ngati mukukayikabe, viikani kachidutswa m'ndowa ya madzi usiku wonse. M'mawa mukapeza mchenga kapena matope pansi pa ndowa, kapena kachidutswako kakufumbutuka mukakafinya, mwala umenewo ukhale wokwirira pansi, osati woonekera.

Phunziro limeneli ndinaliphunzira mowawa. Munda wanga woyamba ndinaumanga ndi miyala yofiirira yonyezimira imene ndinagula kwa munthu wina wogulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo ndinaikonda chifukwa inali yopepukirapo ndi yosavuta kusema. Mvula ya zaka ziwiri itaiwomba, ndinapita m'mawa wina kukazula udzu, ndipo nditatsamira mwala wapakati ndi dzanja, ngodya yake yonse inatsalira m'chikhatho changa, yofumbutuka ngati chigumu chouma, timapale tonyezimira titamatirira ku zala. Unali mwala umene unayamba kale kuvunda usanakumbidwe. Ndikanaugogoda tsiku logula lija, ukanandiuza wokha.

Miyala imene mungakumane nayo

Mwala wofala kwambiri m'Malawi muno ndi umene akatswiri amautcha gneiss, ndipo ndi wakale kwambiri, wa zaka mamiliyoni mazanamazana. Mumauzindikira ndi mizere yake, yoyera ndi yakuda mosinthana, nthawi zina yowongoka, nthawi zina yopindika ngati mtanda wa buledi umene wina anaukanya. Ukakhala wamoyo ngwolimba zedi, umakanda galasi ndipo suchita thovu ndi viniga. Pa ntchito yathuyi ine ndimauika patsogolo pa miyala yonse, chifukwa mizere ija imathandiza womanga kugoneka miyala yambiri mofanana kotero kuti imaoneka ngati thanthwe limodzi limene lasuzumira kuchokera pansi. Mbale wake ndi schist, umene uli ndi timapale tambiri tonyezimira ta mica ndipo umang'ambika m'mapalemapale opyapyala. Umenewu ndi wokongola ukanyowa, koma ndi umene umavunda msanga, choncho uyeseni mosamala.

Gulu lachiwiri ndi la miyala ya timadontho tomwazikana popanda mizere. Granite imakhala ndi timadontho toyera kapena tofiirira, tina takuda, ndi tina totuwa tooneka ngati galasi losweka, tomwe ndi quartz. Syenite imafanana nayo kwambiri, kusiyana kwake n'kwakuti timagalasi totuwa tija timakhala tochepa kapena osaoneka konse. Mapiri a Mulanje ndi Zomba anapangika makamaka ndi miyala iwiriyi, imene inazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo, ndipo kulimba kwake ndi kumene kwachititsa kuti nsonga ya Sapitwa ikhalebe pa mamita 3,002 pamene dziko lozungulira linakokoloka. Pa ntchito ya m'munda kusiyanitsa granite ndi syenite kulibe phindu lalikulu, popeza zonse n'zolimba, n'zolemera ndipo sizisintha dothi mwachangu. Chofunika kudziwa n'chakuti miyala imeneyi ikakhalitsa panja imakhala yobulungira, kotero siimangika m'mizere ngati gneiss. Imafuna kukhala m'timagulu, waukulu umodzi ndi ing'onoing'ono itatsamira pa iwo, monga imakhalira m'tsinde mwa phiri.

Nthawi zina khasu limagunda mwala wobulungira wa khungu ladzimbiri limene limasendeka ngati anyezi, koma mukaubenthula mkati mwake muli mwakuda bii, mwa timadontho ting'onoting'ono, ndipo ngwolemera kuposa mmene ukuonekera. Umenewu kawirikawiri ndi dolerite, wopezeka m'malo ambiri a m'chigawo chakummwera. Ngwovuta kuswa ndipo umatentha kwambiri padzuwa la mu Okutobala, choncho musadzale chomera cha masamba ofewa chokhudzana nawo kumbali imene kumawomba dzuwa la masana.

Nsangalabwi aliyense amaidziwa kuyambira ali mwana: yoyera ngati mkaka kapena yachikasu pang'ono, yosakandika ndi mpeni, ndipo mukakhulanitsa ziwiri mumdima zimathwanima. Chifukwa cha kuyera kwake anthu ambiri amaiika paliponse, koma m'maso mwanga nsangalabwi ikachuluka imalanda maso onse, zomera n'kubisika. Ndi bwino kuisunga kuti mudzayale pa kanjira kapena pa ngalande youma yodutsa m'mphepete mwa munda.

Lubwe ndi mwala wina umene umanyozeka popanda chifukwa. Ndi wofiira modera, wa mabowomabowo ngati chisa cha chiswe, ndipo umapezeka pansi pa dothi m'zigwa zambiri za m'chigawo chapakati, kumene okumba zitsime ndi zimbudzi amalimbana nawo. Unapangika m'dothi momwemo chifukwa cha chitsulo chimene madzi anachisonkhanitsa kwa nthawi yaitali. Zibuma zake zolimba zimagwira bwino ntchito, ndipo mabowo aja amasunga kadothi ndi chinyezi, moti tizomera ting'onoting'ono timamera pamwala penipenipo. Munthu wa ku Lilongwe, Kasungu kapena Mchinji amene ali ndi lubwe pamalo ake alibe chifukwa cholipira lole yokatenga miyala kuphiri.

Miyala ya laimu siipezeka paliponse. Imadziwika m'madera monga Changalume pafupi ndi Zomba, kumene kale ankakumba mwala wopangira simenti, ndi m'mapiri a Chenkumbi ku Balaka, kumene anthu amaotcha laimu. Yambiri ya kuno ndi ya mtundu wa marble, yoyera kapena yotuwa, ya timadontho tonyezimira ngati shuga. Pamaso ingafanane ndi nsangalabwi, koma mpeni umailemba ndipo viniga amaichititsa thovu. Palinso mwala wamchenga, sandstone, umene umakhakhala m'manja ndipo mukaukhula mwamphamvu timchenga timatsalira pa chala. Umapezeka kumene kuli malasha, monga kuzungulira Livingstonia, komanso m'madera ena a m'chigwa cha Shire. Uli ndi magawo osanjikizana ooneka bwino, ndipo lamulo lake n'lakuti ugone mmene unagonera pansi, magawowo atapingasa, chifukwa mukauimika madzi amalowa pakati pa magawo n'kuung'amba.

Mukapeza mwala wachilendo umene sukulowa m'magulu amenewa, akatswiri a ku nthambi ya boma yofufuza za miyala, Geological Survey Department, imene likulu lake lili ku Zomba, ndi amene angakuuzeni dzina lake lenileni.

Mukatha kuzindikira zonse, sankhani mtundu umodzi kuti ukhale mwini munda. Apa ndimaumirira ndithu. Phiri limodzi silikhala ndi mizere ya gneiss apa, lubwe apo, nsangalabwi pamwamba pake ndi zidutswa za konkire pambali, ndipo diso la munthu, ngakhale amene sanaphunzirepo za miyala, limazindikira msanga kuti zinthu zimenezi zachita kuunjikidwa. Mitundu yotsalayo siitayika, pakuti ipita pansi kukathandiza madzi kutsika.

Ngati miyala ya pamalo panu yaperewera, funsani anzanu amene akukumba maziko kapena alimi amene aunjika miyala m'malire a minda, kapena mugule kwa okumba miyala ovomerezeka, ndipo munyamule kachidutswa ka mwala wanu kuti mukafanizire. Musakatenge miyala m'nkhalango zotetezedwa ndi boma kapena m'mapaki. Miyala ya m'mbali mwa nyanja ku Lake Malawi National Park ndi nyumba ya nsomba za mbuna, ndipo m'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Miyala ya m'mphepete mwa mtsinje nayo imagwira gombe kuti lisagumuke. Ya kumanda ndi ya pamalo opembedzera makolo siikhudzidwa n'komwe, ndipo pamalo a mudzi pemphani kaye kwa amfumu.

Kusankha malo ndi kuwakonza

Musanakumbe, pitani mukayende m'tsinde mwa phiri lililonse la miyala limene muli nalo pafupi, kaya ndi Bunda, Nkhoma, Michiru kapena kaphiri kopanda dzina ka kumudzi kwanu, ndipo mukakhale pansi kwa kanthawi. Mukaona kuti palibe mwala umene wangokhala pamwamba pa nthaka ngati dzira pa tebulo. Uliwonse wamira, mbali yake yaikulu ili pansi, dothi ndi masamba ouma zaunjikana kumtunda kwake, ndipo zomera zatulukira m'ming'alu ndi m'tsinde mwa miyala momwe mumabisala chinyezi. Chithunzi chimenechi ndi chimene mukamange kunyumba.

Malo abwino ndi otsetsereka pang'ono, opeza dzuwa kwa maola osachepera asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo osakhala pansi pa mtengo wa mango kapena wina wogwetsa masamba ambiri. Popeza tili kummwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, chitunda choyang'ana kumpoto chimalandira dzuwa lambiri m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, nthawi imene mitundu yambiri ya aloe imachita maluwa. Siyani mpata wa mamita awiri kuchokera pa khoma la nyumba kuti madzi asamatsikire ku maziko, ndipo dziwani kaye pamene padutsa mapaipi a madzi, mawaya a magetsi ndi thanki ya chimbudzi, chifukwa mwala wolemera ukakhazikika simudzafuna kuusunthanso. Ngati malo anu ndi athyathyathya, muumba chitunda chachifupi koma chotambalala. Chitunda chotalika masentimita 60 chimafuna m'lifupi mwa mamita atatu kapena kuposerapo, apo ayi chimaoneka ngati chulu kapena manda.

Ntchitoyi ndi ya m'chilimwe, kuyambira mu Juni mpaka mu Seputembala, pamene nthaka ndi youma, wilibala siititimira ndipo kunja sikunatenthe kwambiri. Yambani ndi kuchotsa dothi lapamwamba lachonde, muliunjike padera. Kenako zulani kapinga ndi dawe mpaka muzu womaliza, ndipo pa gawo ili musachite changu. Kamuzu ka kapinga kotsalira pansi pa mwala wa makilogalamu 100 kadzaphukira m'mng'alu uliwonse, ndipo simudzatha kukafikira popanda kuphwasula munda wonse. Mukazula, thirirani malowo, mudikire masabata awiri kuti zobisala zituluke, muzulenso. Pamene dothi ndi la makande kapena katondo wosunga madzi, yalani miyala yotsala ija, zidutswa za njerwa ndi miyala ya kwale mokhuthala masentimita 15 kapena 20, pamwamba pake muthire mchenga wokhakhala wa kumtsinje kuti dothi lisatsikire m'mipata n'kuitseka.

Kugoneka miyala

Miyala imalemera kuposa mmene maso amaganizira. Chibuma cha granite cha masentimita 30 mbali zonse chimapitirira makilogalamu 70, kutanthauza kuti chimaposa thumba la simenti, ndipo cha theka la mita mbali zonse chimapitirira makilogalamu 300. Mwala wotere sunyamulidwa, umakunkhunizidwa. Gwiritsani ntchito chitsulo chachitali chotukulira ndi kamwala kochirikiza pansi pake, muyendetse mwalawo pa mathabwa kapena pa mitengo yobulungira ya bulugamu, ndipo wilibala muigoneke cham'mbali, mukankhiremo mwala, kenako muidzutse muli awiri. Valani nsapato zotseka ndi magolovesi. Potembenuza mwala umene wakhalitsa pansi, ukokereni kwa inu kuti mwalawo ukhale pakati pa inu ndi chimene chabisala, kaya ndi chinkhanira, nankalizi kapena mphiri, ndipo chipeze kothawira kutali ndi miyendo yanu.

Yambani ndi mwala waukulu koposa ndi wokongola koposa. Uzungulireni, muone nkhope yake, ndiko kuti mbali imene inali kunja, yokhala ndi ndere ndi mtundu wa ukalamba, ndipo mbali imeneyo iyang'ane kumene anthu adzaonerako. Musauike pakatikati penipeni, koma cham'munsi ndi chapambali. Kumbani dzenje loti limeze gawo limodzi mwa magawo atatu a mwalawo, kapena kufika theka ngati ndi wobulungira, ndipo mbali yake yotambalala ikhale pansi. Zimawawa mtima kukwirira mwala umene mwautulukira thukuta, koma gawo lokwiririkalo ndi limene limapatsa mwala ulemu wake, ndiponso ndi limene limauletsa kugubuduka.

Upendeketseni pang'ono cham'mbuyo, kuloza m'chitunda. Kupendekeka kumeneku kumachititsa kuti madzi a mvula ogwera pamwala atsikire ku mizu ya zomera za kumbuyo kwake m'malo mogwera kutsogolo n'kukumba dothi, ndipo dothi lakumtunda likamakankha, mwalawo umakhazikika m'malo mogwa chafufumimba. Tsinderani dothi pansi pake ndi kumbuyo kwake ndi mpini wa khasu mpaka pasatsale mphako, kenako kwerani pamwamba pake, mudzigwedeze. Ukasuntha ngakhale pang'ono, uchotseni muyambirenso, chifukwa tsiku lina mwana adzakwerapo. Mphako zotsala ndi zimene zimaitana makoswe ndi njoka, ndiponso mizu ikafika m'mphako imauma.

Miyala yotsatira imamvera woyamba uja. Ngati mizere yake yapendekera kumanzere, yonse ipendekere kumanzere mofanana, ndipo ngati magawo ake apingasa, yonse ipingase. Mangani kuchokera m'munsi kukwera kumtunda, mzere woyamba ukhale wokhotakhota ndi wodukaduka, kumbuyo kwake mudzaze dothi, kenako mubwerere m'mbuyo n'kuyamba wina. Miyala ina igundane ngati inali umodzi umene unang'ambika, n'kusiya mng'alu wa zala ziwiri kapena zitatu wodzalamo chomera, pamene pena pakhale bwalo la dothi lopanda mwala. Miyala isanu ndi iwiri yaikulu imaposa miyala makumi asanu yaing'ono yomwazika. Mukagoneka itatu kapena inayi, siyani zida, mupite pakhonde kapena pachipata, muyang'ane muli patali, popeza cholakwika chimene sichioneka muli chogwada chimaonekera pamenepo. Simenti musaigwiritse ntchito, ndipo laimu kapena penti yoyera, imene timapaka miyala ya m'mbali mwa njira za kusukulu ndi kumaofesi, isafike m'munda uno. Mwala wokhala ndi kabeseni pamwamba muugoneke mopendekeka kuti madzi asadikhemo n'kuswetsa udzudzu.

Dothi ndi zomera

Dothi lodzaza m'mipata likhale losasunga madzi. Sakanizani wilibala imodzi ya dothi lapamwamba lija, imodzi ya mchenga wokhakhala ndi imodzi ya timiyala ting'onoting'ono, muonjezere mafosholo ochepa a manyowa owolerana bwino. Manyowa akachuluka, zomera za m'mapiri zimakula mofewa n'kuola mu Januwale ndi Febuluwale. Mukatha kudzaza, thirirani kwambiri kapena dikirani mvula yoyamba kuti dothi litsike, muonjezere pamene pachita dzenje, ndipo mudzale pakatha masabata awiri kapena atatu.

Pa zomera, dziko lathu silisowa. Aloe cameronii, amene masamba ake amafiira ngati mkuwa akapsa ndi dzuwa la m'chilimwe, ndi wa m'matanthwe a kuno, ndipo Aloe chabaudii amaswana msanga n'kudzaza mpata ndi masamba otuwa. Aloe arborescens, amene amamera m'mapiri a Zomba ndi Mulanje, amakula kukhala chitsamba, choncho malo ake ndi kumbuyo. Maluwa a zomera zimenezi amaitana mbalame za choso m'nyengo yozizira, pamene maluwa ena ambiri atha. Pakati pake mungaike mitundu ya kalanchoe ndi sansevieria, ndipo m'mphepete portulaca woyanga pansi. Kuti mupeze mbewu za zomera zonsezi, pemphani ana ophukira m'mbali kwa anzanu kapena mugule ku nazale, osati kukazula kuphiri, ndipo amene ali pafupi ndi Zomba angakaone mmene zimakulira ku munda wa zomera wa National Herbarium and Botanic Gardens. Pewani lantana, amene amafalikira n'kulanda tchire, ndipo nkhadze ndi abale ake a utomoni woyera zisakhale pamene ana amasewera, chifukwa utomoniwo umawononga maso.

Mphukira ya aloe mukaidula, isiyeni pamthunzi masiku atatu kapena anayi kuti bala liume musanaidzale. Idzaleni m'tsinde mwa mwala, mizu italoza pansi pa mwalawo pamene pamakhala pozizira, ndipo khosi la chomera lisakwiririke. Dzalani zamtundu umodzi m'timagulu ta zitatu kapena zisanu, ndipo musiye malo oti zikule, chifukwa munda umene ukuoneka wodzaza tsiku lodzala udzakhala utabisa miyala yonse pakatha zaka ziwiri. Pomaliza yalani timiyala ta mtundu womwewo wa miyala yaikulu mokhuthala masentimita atatu kapena anayi pa dothi lonse loonekera, mpaka pansi pa masamba. Timiyalati timateteza dothi ku madontho a mvula yamkuntho, timachepetsa udzu ndipo timasunga khosi la chomera louma.

M'dzinja loyamba muziyendera mundawo ikangokata mvula yaikulu iliyonse. Pamene madzi akumba kanjira, ikani mwala wapakatikati kumtunda kwake kuti uwagawe, ndipo pamene dothi latsika kumbuyo kwa mwala, dzazani ndi kutsindira tsiku lomwelo. Chisoso ndi udzu wina muzizula zikadali zazing'ono, zisanagwetse mbewu pakati pa timiyala. M'chilimwe choyamba kuthirira kamodzi pa masabata awiri n'kokwanira, ndipo madziwo muzithira m'tsinde mwa miyala madzulo, osati pamasamba. Kuyambira chaka chachiwiri aloe wokhazikika amadutsa chilimwe ndi madzi ochepa kwambiri, ndipo masamba ake akafiira mu Seputembala musathamangire ndowa poganiza kuti akufa, pakuti umenewo ndi mtundu umene amavala kuphiri nyengo imeneyo.